Mmene mungapezere test drive ya galimoto ya sports yodula osabwezedwa

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba zonse pamodzi, wina akadzafunsanso ndizingomulozera pano. Limabwera chonchi, munthu wapita kwa dilara kukaona Porsche kaya Corvette kaya McLaren, amulola kukhalamo, wagwira sitelingi, mwina amulizira ndi injini, koma atangonena kuti ndikufuna ndiyiyendetse wogulitsa uja wayamba kuzembazemba, makiyi ali ndi manijala, manijala watuluka, bwerani sabata ya mawa. Nde munthu amabwerera atakhumudwa n'kumafunsa kuti kodi amandiona ngati ndilibe ndalama, kodi ndimayenera kuvala suti, kapena ndikanabwereka galimoto yabwino kuti ndifikire pakhomo pawo.

Nkhani si zovala ayi. Wogulitsa amene wakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali amadziwa kuti anthu ambiri ogula magalimoto amenewa amabwera atavala wamba. Chimene iye akuwerengera mumtima ndi choti galimoto iyi ikatuluka pa geti ndi munthu amene sindikumudziwa, chikachitika china ndani alipire, nanga ikabwera bwinobwino munthuyu agula kapena amangofuna kuti amve kukoma kwa mphindi makumi awiri ndi kujambula vidiyo. Anthu ofuna kungosangalala amafika kwa madilara amenewa pafupifupi tsiku lililonse ndipo amalankhula chimodzimodzi ngati ogula enieni, nde ntchito yanu yonse ndi kumuchotsa mantha awiriwo, a ngozi ndi a kutaya nthawi. Zonse zili m'munsimu zikuzungulira pamenepo.

1. Dziwani galimoto yeniyeni imene mukufuna musanaimbe foni

Kunena kuti ndikufuna kuyesa Porsche sikokwanira. 911 yokha ili ndi mitundu yambiri, Carrera, Carrera S, GTS, Turbo, GT3, ndipo zimasiyana kwambiri pa mayendedwe ndi pa mtengo pomwe, komanso 718 Cayman ndi galimoto ina kotheratu chifukwa injini yake ili pakati pomwe ya 911 ili kumbuyo kwenikweni kupitirira matayala akumbuyo. Wogulitsa akamva kuti mukulimbana pakati pa Carrera S ndi GTS ndipo chikukuvutani ndi choti simukudziwa ngati GTS siilimba kwambiri pa misewu yoipa, amadziwa pompo kuti munthuyu wakhala akuwerenga ndi kuganiza, ndipo funso limeneli palibe angakuyankheni ndi pakamwa, liyenera kuyankhidwa ndi msewu. Apa mwadzipezera chifukwa chomveka chopemphera makiyi.

Cholakwika chimene chimatseka khomo msanga ndi kufunsa chinthu chimene kulibe. Corvette ya C8, imene inayamba ndi chaka cha 2020, injini yake inasamukira pakati ndipo imabwera ndi giyabokisi imodzi yokha ya dual clutch, ndiye kuti ya makilachi awiri yosintha magiya yokha, ya magiya 8, ya kilachi ya phazi kulibe. McLaren kuyambira pa MP4-12C ya 2011 ndi dual clutch yokhayokha, Ferrari ndi Lamborghini nawonso anasiya kalekale kugulitsa zatsopano za manual. Mukafika n'kunena kuti mundionetse C8 ya manual ndiye kuti mwadziulula kuti simunafufuze olo pang'ono. Pomwe pa 911 GT3 funso la manual kapena PDK ndi funso lenileni chifukwa zonse ziwiri zilipo, PDK ndi dzina limene Porsche imatchula giyabokisi yake ya makilachi awiri imene imasintha magiya yokha mwachangu.

Lowaninso pa webusaiti ya kampaniyo, ambiri ali ndi configurator, malo amene mumasankha mtundu wa penti, mipando, marimu, mabuleki ndi zina zonse, kumapeto imakupatsani kodi, nambala yoimira zonse zimene mwasankhazo. Tengani kodiyo mumutumizire wogulitsa, ndi chinthu chaching'ono koma chimasintha mmene amakuonerani.

2. Pemphani ya demo imene makasitomala amayesa, osati yonyezimira ya mu showroom

Apa ndi pamene ambiri amakwiyira pachabe. Galimoto yatsopano imene yaima mu showroom nthawi zambiri ili ndi mwini wake kale. Makampani a magalimoto odulawa amapatsa dilara aliyense chiwerengero chochepa cha malo a ku fakitale, amati allocation, nde munthu amaika oda, amadikira miyezi, galimoto ikafika imaima pamenepo kudikira kuti adzaitenge. Wogulitsa sangakupatseni galimoto ya kasitomala wina olo mutamuonetsa ndalama zochuluka bwanji, ndipo inunso tsiku lina ikadzakhala yanu simudzafuna kumva kuti alendo amazungulira nayo mu tauni.

Olo ikhale yosagulidwa, pali nkhani ya makilomita. Wogula galimoto yamtunduwu yatsopano amafuna aipeze ili ndi makilomita ochepa kwambiri aja a ku fakitale ndi pa doko basi, akaona achuluka amayamba kunenerera mtengo. Komanso injini yatsopano ili ndi nthawi yake yozolowera imene amati running in, mabuku a Porsche amanena kuti makilomita 3,000 oyamba musapitirire pafupifupi 4,000 rpm, ndiye kuti ma rev, kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi, ndipo Corvette C8 kompyuta yake imachita kuchepetsa mphamvu mu giya 1 ndi 2 mpaka mamailosi 500 atakwana. Nde olo atakulolani kuyendetsa yatsopanoyo simungamve mphamvu zake zenizeni.

Demo ndi galimoto imene dilara analembetsa m'dzina la kampani yake, ili pa inshuwalansi yawo, ndipo ntchito yake ndi yomweyo yoti makasitomala aziyesa. Funsani kuti muli ndi demo yanji panopa. Mwina siikhala ndendende imene mukufuna, mukufuna Carrera S koma demo ndi Carrera 4S, landirani ndithu, zambiri zimene mukufuna kudziwa muzidziwa. Ngati demo palibe funsani ku mbali ya magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, amenewo ali kale ndi makilomita masauzande nde kuwonjezerapo 20 sikupweteka aliyense, ndipo chilolezo chimatuluka mosavuta.

3. Panganani tsiku, musangotulukira

Kungofika Loweruka masana showroom itadzaza n'kupempha makiyi ndi njira yachidule yokanidwira. Imbani foni kapena lembani imelo, pemphani tsiku la mkati mwa sabata cha m'mawa pamene wogulitsa ali ndi nthawi, msewu ulibe magalimoto ambiri ndipo demo sinalonjezedwe kwa wina. Ine ndimakonda imelo chifukwa zonse zimene mwagwirizana zimatsala zolembedwa.

Uthengawo usakhale wautali. Nenani dzina lanu, galimoto imene mukuyendetsa panopa, imene mukufuna, nthawi imene mukuganiza zogula, ndi ina imene mukuyerekeza nayo. Mwachitsanzo, ndikufuna kugula 718 Cayman GTS m'miyezi iwiri ikubwerayi, ndikuyerekeza ndi BMW M2 imene ndayiyesa kale, ndikufuna ndiyendetse demo yanu Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, mundiuze zimene ndikufunika kubweretsa. Chiganizo chomalizacho n'chofunika kwambiri, chifukwa mwamupatsa mpata woti anene yekha zofuna zake popanda manyazi, ndipo munthu wongofuna kusangalala safunsa funso limeneli.

Tsikulo likafika musachedwe, ndipo ngati china chakugwerani imbani msanga. Demo ija amakhala aitsuka, aithira mafuta, mwina akaniza wina chifukwa cha inu.

4. Nkhani ya ndalama, pamene ambiri amakhumudwira

Tsopano tafika povuta, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo. Pa galimoto yodula kwambiri wogulitsa akufunsani mafunso okhudza thumba lanu asanakupatseni makiyi, mugula kashi kapena pa ngongole, muli ndi galimoto yoti musinthanitse, mwalankhula kale ndi banki. Anthu ambiri apa amapsa mtima, amaona ngati akunyozedwa, ena amayamba kudzitama za mabizinesi awo, ena amatuluka. Chonde musatero. Mafunsowa amafunsa aliyense amene samudziwa, ndipo nthawi zambiri si iye amene akufuna mayankho, ndi manijala wake amene ayenera kusayina kuti galimoto ituluke. Wogulitsa akamapita ku ofesi ya manijala amafunika akhale ndi chonena chogwirika, nde mupatseni chonenacho.

Chimene chimagwira ntchito bwino ndi kalata ya ku banki kapena ku kampani yobwereketsa ndalama yonena kuti avomereza kukupatsani ngongole mpaka ndalama zakuti, ena amati pre-approval. Ngati mugula kashi, pemphani banki yanu kalata yaifupi yongotsimikizira kuti muli ndi ndalama zokwanira kugula chinthu cha mtengo umenewo. Musapereke sitetimenti yonse ya akaunti yoonetsa zimene mumagula ndi amene amakulipirani, palibe chifukwa choti dilara asunge zimenezo, muonetseni kalata, aone, mubwerere nayo. Ngati muli ndi galimoto yabwino imene mukufuna kusinthanitsa, bwerani nayo ndipo muwauze aiyeze mtengo nthawi yomwe inu muli ku test drive, zimenezi zimawakhazika mtima pansi chifukwa galimoto yanu yatsala m'manja mwawo komanso akuona kuti malonda ayamba kale kuyenda.

Pali zinthu ziwiri zoti muchenjere nazo. Choyamba, madilara ena amakupatsani fomu n'kunena kuti ndi ya test drive chabe pomwe ndi fomu yopempha ngongole, yowapatsa chilolezo chofufuza mbiri yanu ya ngongole. M'maiko ngati America kufufuza kwa mtundu umene amati hard inquiry kumalembedwa pa mbiri yanu ndipo kumatsitsako pang'ono mapointi anu amene mabanki amayang'ana asanakubwerekeni ndalama, nde ngati mukuyenda kwa madilara anayi aliyense n'kumafufuza musanasankhe n'komwe galimoto, mukudzipweteka pachabe. Werengani mutu wa fomuyo, ngati ndi ya ngongole nenani mwaulemu kuti ndidzasayina tikadzagwirizana mtengo, panopa nayi kalata ya banki yanga.

Chachiwiri ndi dipoziti. Pa magalimoto ena osowa amanena kuti ikani kaye dipoziti kenako muyendetse. Sichinthu chachilendo ndipo si nthawi zonse pamene pali chinyengo, koma musatulutse khadi mpaka atalemba papepala kapena pa imelo kuti ndalamayo idzabwezedwa yonse ngati galimoto simunaikonde mutayendetsa, ndi kuti idzabwezedwa pa masiku angati. Mawu a pakamwa akuti musadandaule tidzakubwezerani sakwanira, wogulitsayo atha kusiya ntchito mwezi wa mawa ndipo wolowa m'malo mwake adzangowerenga zimene zinalembedwa.

Ndipo musaname. Ngati mukugula chaka cha mawa nenani kuti chaka cha mawa. Ena amakulolanibe chifukwa akudziwa kuti oda ya galimoto yotere imatenga miyezi, nde munthu wa chaka cha mawa ndi kasitomala ndithu. Koma mukanena kuti ndigula lero lomwe kuti mungopeza makiyi kenako n'kusowa, dzina lanu limatsala mu kompyuta yawo, tsiku limene mudzabwere muli ndi ndalama zenizeni mudzapeza nkhope zozizira, ndipo pa magalimoto a allocation ubale ndi dilara ndi umene umakuikani pa mndandanda.

5. Pepala la inshuwalansi, werengani musanagwire makiyi

Ili ndi gawo limene ndimafuna aliyense aliwerenge kawiri. Akavomera amakubweretserani pepala loti musayine, nthawi imeneyo mtima uli kale mu galimoto, injini mwina ikulira panja, nde anthu amangosayina osawerenga. Pepala limeneli ndi limene likunena kuti galimoto ikagunda ndani alipire, ndipo pa galimoto yotereyi ngozi yaing'ono si yaing'ono, bampala ya kutsogolo ya carbon fibre, rimu imodzi, kapena diski imodzi ya mabuleki a ceramic zimadula moti mungadabwe.

Funsani mafunso awa ndipo mayankho muwaone pa pepalalo ndi maso anu. Kodi galimotoyi ili pa inshuwalansi ya dilara pamene ndikuyendetsa ine? Ngati inde, ekisesi ndi ndalama zingati? Ekisesi, ku America amati deductible, ndi gawo loyamba la ndalama zokonzera limene inshuwalansi silipira, limagwera inu, ndipo pa magalimoto amenewa limakhala lalikulu kusiyana ndi limene munazolowera pa galimoto yanu. Ngati nambalayo simungathe kuilipira mawa m'mawa popanda kuvutika, ganizani kaye. Madilara ena pepala lawo limanena kuti inshuwalansi yanu ndiyo yoyamba kulipira, yawo ibwera pambuyo. Zikakhala choncho imbirani kampani yanu ya inshuwalansi tsiku lisanafike, muwauze dzina la galimoto ndi mtengo wake, mufunse ngati polise yanu imateteza galimoto ya eni imene mukuyesa komanso mpaka ndalama zingati. Anthu ambiri amangoganiza kuti poti ndili ndi comprehensive ndiye kuti ndine wotetezedwa pa galimoto iliyonse, pomwe mapolise ambiri mukamayendetsa ya eni amangolipira zimene mwawononga za anthu ena, galimoto imene mukuyendetsayo ayi.

Yang'ananinso mizere imene imafafaniza chitetezo chonse. Kawirikawiri imanena za kuzimitsa traction control kapena stability control, zida zija zimene zimagwira galimoto ikayamba kuterereka, imanenanso za kupita nayo pa bwalo la mpikisano, kupatsa munthu wina kuti ayendetse, kapena kutuluka kunja kwa dera limene mwagwirizana. Mukachita chimodzi mwa izi n'kugunda, bilu yonse ndi yanu. Musaganize kuti sadziwa, magalimoto amenewa amasunga zambiri mu kompyuta. Porsche imalemba nthawi iliyonse imene injini yapitirira malire a ma rev ndipo makanika amatha kutulutsa lipoti lake, Corvette ili ndi chida chotchedwa Performance Data Recorder chimene chimajambula vidiyo pamodzi ndi liwiro, ndipo eni ake ena a Nissan GT-R zoyambirira za R35 anakanizidwa waranti ya giyabokisi chifukwa galimoto inaonetsa kuti ankainyamula mwamphamvu atazimitsa chida chotetezacho. Faindi ya liwiro nayonso ndi yanu, kamera ikajambula kalata imapita kwa dilara ndipo iye ali ndi kope ya laisensi yanu ndi nthawi imene munatuluka.

Palinso malire a zaka. Inshuwalansi za madilara ambiri sizilola woyendetsa wosakwana zaka 25 pa magalimoto amphamvu chonchi, ena amakweza kupitirira apo, ena amafunanso kuti laisensi ikhale ya zaka zingapo komanso yopanda milandu yambiri. Ngati ndinu wachinyamata ndipo akukanizani pa chifukwa chimenechi, kukangana ndi wogulitsa sikuthandiza chifukwa lamulolo si lake, pitani pa nambala 8.

Musanakwere zungulirani galimoto yonse limodzi ndi wogulitsa, jambulani ndi foni marimu onse anayi, pansi pa bampala ya kutsogolo, ndi m'mbali mwa zitseko. Demo imakhala yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, rimu yokalika kale isadzakhale yanu pobwera.

6. Tsikulo

Tengani laisensi yeniyeni osati chithunzi cha pa foni, kalata ya banki ija, ndi umboni wa inshuwalansi ngati anaupempha. Valani nsapato zopyapyala kunsi, mapedulo a magalimotowa amakhala oyandikana ndipo malo a mapazi ndi opanikiza, nsapato zazikulu zimatha kuponda buleki ndi faya nthawi imodzi. Musabwere ndi gulu la anzanu, nthawi zambiri mipando ndi iwiri ndipo winawo ndi wa wogulitsa. Ngati mkazi wanu kapena mwamuna wanu ayenera kuvomereza nawo, nenani pa nthawi yopangana tsiku kuti akonze maulendo awiri.

Nthawi zambiri wogulitsa amayamba ndi iye kuyendetsa, amaitulutsa mu tauni kenako musinthana. Musaone ngati akukuchepetsani, akutenthetsa injini ndi matayala komanso akukuonetsani mabatani, inu gwiritsani ntchito nthawiyo kumvetsera phokoso ndi mmene mpando wa pasenja ulili. Mukasinthana musathamangire kunyamuka, konzani mpando, sitelingi ndi magalasi modekha, funsani pamene pali rivesi ndi handibuleki chifukwa pa Ferrari kapena McLaren ndi mabatani osati ndodo ya giya imene munazolowera.

7. Yesani zimene mudzakhale nazo tsiku ndi tsiku

Kuti galimotoyi imathamanga mukudziwa kale, manambala ake ali paliponse, ndipo pa msewu wa anthu onse simungafike olo theka la zimene ingachite. Zimene simungaziwerenge pena paliponse ndi zimene zimachititsa anthu kugulitsa galimoto patangotha miyezi isanu ndi umodzi atagula, ndipo zonsezo zimaoneka pa liwiro lochepa.

Pemphani njira yokhala ndi mahampu ndi msewu wokumbikakumbika pang'ono. Magalimotowa ndi otsika kwambiri kutsogolo, ambiri ali ndi chida chokweza mphuno chimene amati front lift, mumadina batani kutsogolo kumakwera masentimita angapo, pa 911 ndi pa C8 chimagulidwa mwapadera ndipo zatsopano zimatha kukumbukira malo amene mumakwezera kudzera pa GPS. Yesani muone ngati chimakwera mwachangu, ndipo ganizirani za polowera kunyumba kwanu ndi ku ntchito kwanu, ngati ndi potsetsereka kwambiri chida chimenechi n'chofunika kuposa mipando yokongola. Ipakeni chobwerera pamalo opanikiza kuti muone mmene kumbuyo kumaonekera, pa galimoto ya injini ya pakati galasi la kumbuyo ndi kachidutswa chabe. Yendani pang'onopang'ono ngati muli pa mzere wa magalimoto, giyabokisi za dual clutch zina zimagwedeza pa liwiro la munthu woyenda pansi ngakhale zimasintha bwino kwambiri mukathamanga. Ngati ili ndi mabuleki a ceramic mvetserani ngati akulira akazizira, ena phokosolo limawatopetsa. Zimitsani wailesi pa msewu waukulu mumve phokoso la matayala, matayala otambalala amafuula ndipo pa ulendo wa maola atatu limalowa m'mutu. Tsikani ndi kukweranso kangapo chitseko chitatseguka pang'ono ngati pali galimoto ina pambali, makamaka ngati msana kapena mawondo amakuvutani, ndipo tsegulani buti muone ngati chikwama chanu chingalowe.

Za kuponda faya, dikirani mpaka oilo atatentha, yang'anani geji ya oilo osati ya madzi chifukwa madzi amatentha msanga pomwe oilo amachedwa, afike cha m'ma 80 digiri. Kenako funsani, kodi pano ndingaiponde? Wogulitsa amadziwa malo owongoka opanda anthu ndipo ambiri amalola kamodzi kapena kawiri mukafunsa, chimene amadana nacho ndi kudzidzimutsidwa. Pondani muli mu giya 2 kapena 3 galimoto ili yowongoka, osati potuluka pa kona. Launch control, chida chonyamutsa galimoto ndi mphamvu zake zonse kuchokera poima, isiyeni pokhapokha iye akakuuzani yekha. Kukakhala mvula kapena kozizira funsani kuti yavala matayala anji, ngati ndi aja ofanana ndi a mpikisano monga Michelin Pilot Sport Cup 2 sagwira bwino akazizira kapena pa madzi, bola musinthe tsiku. Ndimanena izi mobwereza chifukwa mavidiyo a magalimoto odula atagunda mtengo pafupi ndi geti ya dilara alipo ambiri, ndipo nthawi zambiri ndi matayala ozizira ndi phazi lolemera.

Mphindi 10 zozungulira nyumba zapafupi sizokwanira pa ndalama zimenezi. Nenani pa nthawi yopangana tsiku kuti mukufuna mphindi 30 mpaka 45 zophatikiza tauni ndi msewu waukulu.

8. Akakanabe

Funsani kuti n'chifukwa chiyani ndipo pakufunika chani kuti zitheke, yankho lake likuuzani ngati vuto ndi inu, galimotoyo, kapena lamulo la kampani. Pa magalimoto opangidwa ochepa ngati 911 GT3 RS kapena Ferrari zapadera, test drive nthawi zambiri kulibe kwa aliyense chifukwa zonse zimagulidwa zisanafike, anthu amagula osayendetsa. Ngati vuto ndi dilara ameneyo pitani kwa wina wa kampani yomweyo, malamulo amasiyana kwambiri khomo ndi khomo.

Njira ina yabwino, mwinanso kuposa test drive yeniyeniyo, ndi malo amene makampani anamanga okha. Porsche ili ndi ma Experience Center angapo, ku Silverstone ku England kuyambira 2008, ku Atlanta 2015, ku Los Angeles 2016, ku Hockenheimring ku Germany 2019 ndi kwina, mumalipira n'kuyendetsa pafupifupi mphindi 90 pa bwalo lawo muli ndi mphunzitsi pambali, ndipo mutha kusankha pulogalamu yoyerekeza magalimoto awiri. BMW nayo ili ndi Performance Center ku South Carolina. Kumeneko palibe amakufunsani kalata ya banki ndipo muiponda mmene simungathere pa msewu. Pemphaninso wogulitsa akulembeni pa mndandanda wa masiku amene kampani imabweretsa magalimoto ake kuti makasitomala oitanidwa ayese. Kubwereka ya renti kwa tsiku lathunthu kumathandizanso chifukwa mumapita nayo kunyumba n'kuona ngati ikulowa mu garaja, koma nkhani ya inshuwalansi ya pa nambala 5 ikhale yoyamba kufunsa kumenekonso.

9. Mukabwerako

Musasayine tsiku lomwelo. Mukatsika mu galimoto yotere mtima umakhala ukugunda, ndipo wogulitsa akudziwa, nde ndi pamene amatulutsa mapepala. Muthokozeni, muuzeni moona chimene mwakonda ndi chimene simunakonde, ngati mpando unakupwetekani nenani chifukwa mwina pali mtundu wina wa mipando umene mungayese. Lembani zimene mwamva musanagone, mukayesa galimoto yachiwiri zimasakanikirana m'mutu.

Mutumizireni uthenga pasanathe masiku awiri olo yankho likhale loti ayi. Ngati mwatsala pang'ono kugula, apa ndi pamene mungapemphe ulendo wachiwiri wautali, madilara ena amalola kasitomala amene amudziwa kale kuti agone nayo demo usiku umodzi kapena weekend. Ngati imene mukugula ndi yogwiritsidwa kale ntchito, test drive siilowa m'malo mwa kuyezetsa, pemphani kuti makanika wodziwa mtundu umenewo amene si wa dilarayo aiyang'ane musanalipire, ndipo pa Porsche ya manual muuze dilarayo akupatseni lipoti la ma rev lija pamodzi ndi pepala la mfundo 111 zimene amayang'ana pa magalimoto a Porsche Approved, ogwiritsidwa kale ntchito amene kampaniyo imawatsimikizira.